Kope la Mpongozi

"Ndikufunsa komaliza, amake mwana. Ndalama zalembedwa umuzi zili kuti?"

Mawamawa anaima pakati pa balaza atakweza kope lachikuto chobiriwira, ngati munthu amene wagwira khoswe kumchira. Dzinali anamupatsa ndi anthu a mumsewu wawo, chifukwa nkhani zake zonse zinkathera poti mawa tilemera. Mkazi wake anali atagwada pafupi ndi tebulo, akupukuta tiyi amene anatayika polimbirana kopelo.

"Ndakuuzani kale, abambo ake. Ndi masamu a kusukulu ya Loweruka. Timangolemba manambala oyeserera."

"Oyeserera? Lolemba, masiketi awiri. Lachiwiri, kupinda thalauza. Lachitatu, mayunifolomu anayi. Mayunifolomuwo ndinawaona ndi maso angawa. Nawonso anali oyeserera? Pansi apa walemba kuti zosunga zafika zikwi mazana awiri ndi zisanu. M'nyumba muno! Ine ndikuyenda ndi nsapato yoseka, mkazi wanga akugonera chuma."

"Nsapato yanuyo inayamba kuseka tsiku lomwe munagulitsa inzake kuti mugule mbewu ya bowa."

"Za bowa zisiye. Bowa uja anapsa ndi dzuwa, si ine."

Pakona ya pawindo panakhala bambo ake a Mawamawa, amene aliyense ankangowatchula kuti Akalaliki. Anagwira ntchito yolemba mabuku a sitolo yaikulu kwa zaka makumi atatu, ndipo chipumireni pantchito, akazi awonso atamwalira, Loweruka lililonse ankaphunzitsa amayi a m'deralo kasungidwe ka ndalama, osalipiritsa kanthu. M'mawa umenewo anali kuyang'ana nthunzi ya tiyi ikukwera m'kuwala kwa dzuwa, akufuna kuti phokosolo lidutse lokha ngati mvula.

"Bambo," anatero Mawamawa, "sukuluyo mwini wake ndinu. Tsamba lililonse umu mwachonga ndi cholembera chanu chofiira. Tandiuzani, mumachonga zabodza?"

Mpongozi wawo, mkazi wa Mawamawa uja, anadzutsa mutu. Sankakonda kuwayang'ana apongozi ake m'maso, koma tsiku limenelo anawayang'ana. Akalaliki anawaona masowo, koma sanawawerenge.

"Ine sindinachongepo bodza chibadwire," anatero modekha. "Tsiku loyamba lomwe ndinawauza amayiwa kuti azilemba ndalama zenizeni. Koma ndalamazo zili ndi ntchito, mwana wanga. Ona tsamba loyamba. Ndi za makina osokera. Zangotsala zikwi makumi atatu ndi zisanu kuti zikwane."

Anamwa tiyi, akuganiza kuti ayankha bwino ndipo mlandu watha.

"Zikomo, bambo," anatero Mawamawa, mawu ake atafewa mwadzidzidzi. Anatembenukira kwa mkazi wake. "Wamva? Tsono tamvera. Pali munthu akugulitsa anapiye a zinziri. Miyezi iwiri yokha ayamba kuikira. Mazira ake anthu akulimbirana. Undipatse ndalamazo, pofika kumapeto kwa chaka ndikugulira makina atatu, amagetsi."

"Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ine ndikufuna amodzi, opalasa ndi mwendo. Zaka zinayi ndakhala ndikulipira makina a Atelala tsiku ndi tsiku, kaya ndasoka kaya sindinasoke. Sindipereka."

"Mutu wa banja ndani muno?"

"Ndinu. Koma msana umene wapindika pamakinapo ndi wanga."

Mawamawa anaika kopelo patebulo mwaulemu, n'kulisalaza ndi dzanja.

"Chabwino. Ine si mwamuna womenya mkazi, ndipo sindifukula matiresi ngati mbala. Koma kuyambira lero wachuma ndiye azidyetsa nyumba. Ndikapenta nyumba ya munthu, ndalama yake siilowanso muno. Tione ngati makina amadyedwa."

Loweruka Akalaliki anafika kusukulu msanga monga mwa chizolowezi chawo. Kalasi imene aphunzitsi aakulu anawabwereka inali ya ana ang'onoang'ono, ndipo amayi ankakhala mopanikizika pamadesiki, mawondo atatulukira m'mbali. Masana dzuwa linkalowa pazibowo za njerwa n'kuyala timadontho tachikasu pansi, fumbi la choko likuyandama pang'onopang'ono ngati silikudziwa kopita. Akalaliki ankaikonda nthawi imeneyi. Asanayambe masamu ankawauza amayiwo kuti atsinzine, aliyense atchule chimene akusungira ndalama. Wina ankati denga la malata losadontha. Wina firiji. Wina ankati akufuna tsiku limodzi lokha adzakwere basi yopita kutali, atakhala pawindo, opanda mwana pamiyendo. Mawuwo ankazungulira m'kalasimo mofatsa, ndipo nawonso Akalaliki ankatsinzina.

Tsiku limenelo anadikira mpaka timadontho ta dzuwa tinakwera pakhoma. Mwa amayi makumi awiri ndi atatu kunabwera asanu ndi mmodzi. Mpongozi wawo panalibe. Palibe amene anatulutsa kope.

"Kodi kwagwa maliro?" anafunsa.

Amene anayankha anali mayi wonenepa wophika sopo, yemwe anzake ankamuti Anasopo. Anali wa msinkhu wa malemu akazi awo, ndipo sankaopa munthu.

"Maliro a makope, Akalaliki. Mwana wanu wakhala akulalikira kumalo ometera kuti amuna onse afufuze makope obiriwira. Anayi apezeka kale. Uyu apa," analoza mtsikana amene anakhala kumbuyo atafunda mpango mpaka patsaya, "akuti anagunda chitseko. Chitseko chake chodziwa kuwerenga."

Amayi ena anaseka pang'ono, kenaka anasiya.

"Koma kulemba n'kofunika," anatero Akalaliki. "Ndalama yosalembedwa imatuluka osatsanzika. Zimenezi si zanga, ndi mmene amachitira kulikonse."

"Kusitolo kwanu buku linkagona kuti?"

"M'kabati yachitsulo."

"Kiyi ali ndi yani?"

"Ndi ine."

"Nanga mkazi kabati yachitsulo aipeza kuti? Chipinda n'chimodzi, sutikesi n'njimodzi, pilo amatsamira awiri. Inu munatiphunzitsa kuwerengera ndalama, zikomo kwambiri, ine tsopano ndikudziwa kuti sopo wamng'ono amandidyera phindu. Koma simunatifunse kuti ndalama ya mkazi imagona kuti. Safunsa anadya phula, achimwene. Ife takhala tikusunga ndalama inu musanabwere ndi choko. M'mpendero wa chovala, m'chitini cha mchere, kwa mnzako. Ndipo nambala yake imakhala m'mutu, poti m'mutu mwamuna salowetsamo dzanja."

"Si amuna onse," anatero Akalaliki. "M'nyumba mwanga munalibe zobisirana. Malemu ankandionetsa chilichonse."

Anasopo anawayang'ana kwa kanthawi, ngati akuyeza ngati nsalu ingapirire kuchapa.

"Chaka chimene mwana wanu ankalemba mayeso, ndalama ya mayeso inachokera kuti?"

"Anatumiza ndi alongo awo a malemu."

"Inachokera pansi pa chikombole changa cha sopo. Zaka khumi ndi ziwiri ndinkawasungira. Si kuti munali munthu woipa, ayi. Ankati bambo akangoiona ailemba m'buku, ndipo ikalowa m'buku yasanduka ya nyumba."

Akalaliki anatembenukira kubolodi. Anafufuta deti limene analemba, n'kulilembanso chimodzimodzi. Kunja wina ankaitana nkhuku. Kwa kanthawi anawaona m'maganizo malemu akazi awo akuyenda mumsewu wa kwa Anasopo, atavala diresi la madontho lija, dzanja limodzi litafumbata, akuyenda mwachifatse ngati munthu wopita kokacheza. Malemuwo sanatembenuke.

"Lero tiweruke," anatero.

Masiku otsatira m'nyumba munali bata lachilendo. Mawamawa ankadzuka, kusamba, kupita kokapenta, n'kubwera chimanjamanja akuimba mluzu. Pachakudya ankakhala woyamba kusamba m'manja. Penshoni ya Akalaliki inkathera ku mankhwala awo a mtima ndi magetsi, ndipo yotsala anagula shuga ndi makala, zomwe sizinathe sabata. Mwana wa sukulu anafuna nsapato. Mwininyumba anabwera pa tsiku lake.

Mpongozi sanadandaule. Madzulo aliwonse akaweruka kwa Atelala ankagwada, n'kuika kope lobiriwira patsogolo pa apongozi ake, cholembera chofiira chili pamwamba.

"Mundichongere, bambo."

Ankalemba mwaukhondo monga anamuphunzitsira. Mafuta ophikira. Mchere. Lendi. Nsapato za mwana. Ndipo pansi, zotsala. Zikwi mazana awiri ndi zisanu zija zinatsika kufika zana limodzi ndi makumi asanu ndi anayi, kenaka zana limodzi ndi makumi asanu ndi awiri. Masamu ake analibe cholakwika n'chimodzi chomwe. Akalaliki ankafufuza mzere uliwonse kufuna cholakwika, kenaka ankachonga.

Tsiku lina dzuwa litapendeka anamupeza mwana wawo pakhonde akuchotsa penti m'zikhadabo.

"Iwe, chimene ukuchitachi n'chiyani?"

"Ndikuphunzitsa, bambo. Nanunso mumaphunzitsa." Anaseka, kenaka anasendera pafupi. "Tayang'anani kuseli kwa bafa uko. Pamenepo ndimanga makola atatu osanjikizana. Zinziri sizisowa malo. M'mawa muzidzadzuka kumva kulira kwake, kofewa ngati madzi akudontha m'ndowa. Inu muzidzatola mazira m'kabasiketi, timazira tamawangamawanga, totentha. Anthu a magalimoto azidzaima pamsewu apo. Ndidzakuguliraninso magalasi atsopano, awa mwamanga ndi ulusiwa tidzataya. Mayi akanakhalapo akanandimvetsa."

Ankalankhula maso ali kuseli kwa bafako, ndipo Akalaliki anapezeka kuti nawonso akuyang'ana komweko. Kuwala kwa madzulo kunagwera paudzu, ndipo kwa kamphindi makolawo anaonekadi, oyera, tizinziri tikuyendayenda m'kati. Mwanayu sankanama. Ankazionadi zinthuzo, kuyambira ali wamng'ono. Chovuta chinali choti nthawi zonse wolipira malotowo ankakhala wina.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana wanga. Mkazi wako ali ndi luso m'manja, makasitomala ali nawo kale. Zinziri zili m'mutu."

"Nanga makina sanayambire m'mutu? Maloto ake mwawachonga ndi chofiira. Anga simunawachongepo chiyambire."

Akalaliki anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

Sabata yachitatu ikutha, mpongozi anadikira kuti mwamuna wake atuluke. Anabwera osanyamula kope, n'kukhala pansi chapatali.

"Bambo, ndili ndi mawu."

"Lankhulani, mayi."

"Zatsala zikwi zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi. Mwezi wamawa sizidzafika zana. Ndalankhula ndi Atelala. Avomera kuti ndipereke zimene ndili nazo, makina amene ndimasokera aja akhale anga, zotsalazo ndizibweza pang'onopang'ono. Koma akuti mkazi wapabanja sangapangane naye yekha. Akufuna mwamuna wa m'nyumba asayine, kuti ndikalephera adzalipire iyeyo."

M'kalasi mwa Akalaliki munali phunziro lathunthu loletsa zimenezi. Ankalemba pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu kuti usasayinire ngongole ya mnzako, ngakhale m'bale wako.

"Mukudziwa zimene ndimaphunzitsa pa nkhani yosayinira munthu."

"Ndikudziwa. Ndinakhoza mayeso ake."

"Ndiponso ameneyu ndi mwana wanga. Ndikasayina kumbali, ndamuvula pagulu. Bwanji tiitane akuluakulu tikambirane?"

"Akuluakulu adzati mkazi amvere mwamuna, mwamuna akonde mkazi, kenaka adzamwa tiyi wa shuga wanga n'kumapita." Anaweramitsa mutu, akupotokola ulusi umene unamatirira pasiketi yake. "Bambo, ine sindinakunyozenipo. Tsiku lija ndinakupemphani ndi maso, munandiyankha ndi pakamwa. Sindikuti munanama. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake ndabwera. Dzanja limene linandiika pamtetete ndi lomwelo lingandichotsepo. Mukakana, sindidzakufunsaninso."

Anadzuka n'kupita kukatsuka mbale. Akalaliki anakhala akumvetsera kulira kwa mbalezo nthawi yaitali. Kenaka analowa kuchipinda kukavala jekete.

Shopu ya Atelala inali kachipinda kamodzi ndi khonde lalitali, pomwe panali makina anayi ondondozana. Nsalu zopachikidwa pachingwe zinkauluzika ndi kamphepo, mithunzi yake ikusambira pakhoma. Ndalama anabwera nazo ndi Anasopo, amene ankazisunga, zitakulungidwa m'pepala lonunkhira sopo. Atelala, bambo wamfupi wokhala ndi tepi m'khosi, anaziwerenga kawiri akunyowetsa chala, kenaka analemba pangano papepala la m'kope.

"Akalaliki, ine ndimayesa mubwera ndi mwini mkazi," anatero.

"Mwati mwamuna wa m'nyumba. Ine ndine mkazi?"

"Ayi, ayi, pepani. Bola penshoni ilipo."

Akalaliki anawerenga pepalalo mzere ndi mzere. Anauza Atelala kuti awonjezere nambala ya makinawo, dzina la mpongozi ngati mwini wake, ndiponso kuti makinawo azikhala pakhonde pomwepo mpaka ngongole itatha. Akutulutsa cholembera m'thumba, anamva kulira kwa tianapiye kumbuyo kwawo.

Mawamawa anaima pamsewu atanyamula katoni yobowolabowola. Wina anali atamutsina khutu. Penti yoyera inali idakali m'tsitsi mwake.

"Bambo, mukutani?"

"Ndikusayina."

"Anapiye awa ndatenga pangongole. Ndamuuza mwini wake kuti ndalama zili kunyumba, ndimupatsa Lachisanu. Mukasayina pamenepo ndikamuuza chiyani?"

"Ukamuuze zoona. Kapena um'bwezere lero, asanafe."

"Ndiye mwasankha mlendo, kusiya magazi anu?"

Osoka ena a pakhondepo anasiya kupalasa.

"Mlendo ameneyu wakudyetsa masabata atatu," anatero Akalaliki, osakweza mawu. "Wandidyetsanso ine. Unati sumenya mkazi, ndipo ndinanyadira. Koma njala nayonso ndi chibakera, mwana wanga. Ine ndinaona, ndipo tsiku lililonse ndinkachonga."

"Amake mwana," Mawamawa anatembenukira kwa mkazi wake, "miyezi iwiri yokha. Ndikulumbira. Ulendo uno zitheka."

Mkaziyo anamuyang'ana mwachifundo, dzanja lake lili pagudumu la makina.

"Mwina zithekadi, abambo ake. Zikatheka ndidzakusokerani suti. Koma zitheke ndi ndalama ya penti."

Akalaliki anawerama n'kusayina. Atadzutsa mutu, mwana wawo anali akupita, katoni ili pachifuwa, akuyenda pakati pa msewu mosapewa njinga. Kulira kwa tianapiye kunamveka mpaka pokhota.

Anapiyewo anabwezedwa, koma Mawamawa anasiya kulankhula ndi bambo ake. M'mawa ankadutsa pafupi ndi mpando wawo ngati mpandowo uli wokha. Tsiku lachinayi anasiya botolo la mafuta ophikira patebulo, ndipo palibe amene anafunsa.

Loweruka kunabwera amayi asanu ndi anayi. Akalaliki anapempha kwa aphunzitsi aakulu kabati yakale ya m'kalasimo, nagula loko, makiyi n'kupereka kwa Anasopo. Kenaka anakhala padesiki ya ana, mawondo ali m'mbali, n'kupempha amayiwo kuti awauze mmene ankasungira ndalama kale. Poyamba anachita manyazi. Kenaka anayamba kulimbirana kulankhula, mpaka dzuwa linachoka pakhoma. Mtsikana wa mpango uja sanabwerenso, ndipo Anasopo anati anapita kwa makolo ake.

Pobwerera anadzera kwa Atelala. Mpongozi anali pamakina ake kumapeto kwa khonde, akusoka diresi lachikasu. Nsaluyo inkatsika pang'onopang'ono kuchoka pamakina n'kuunjikana pamiyendo pake. Anawapatsa benchi, ndipo anakhala akumvetsera kugogoda kwa singano mpaka maso anayamba kulemera.

"Ntchito ikuoneka kuti yayenda lero," anatero. "Mwapeza zingati?"

Mwendo wa mpongozi sunasiye kupalasa.

"Sindinawerenge, bambo."

Akalaliki anamuyang'ana. Mayi ameneyu ankadziwa mtengo wa ulusi uliwonse umene unali pakhondepo. Nambala inali m'mutu mwake.

"Chabwino, mayi," anatero. Anatsamira khoma, n'kutsinzina.